Kugula Njovu Nkosavuta, Kuiŵeta Ndiye Nkhani

Munthu amene wayendapo pa mseu wafumbi wochokera pa boma la Balaka kupita ku Utale safuna womuuza chifukwa chimene anthu a kumeneko amasirira galimoto zazikulu. M'chilimwe mseuwo umagwedeza mafupa, ndipo m'dzinja, mtsinje wa Rivirivi ndi timakhwaŵa take tikasefukira, galimoto yaing'ono imatitimira m'matope. Utale ndi malo akale. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni kumeneko m'chaka cha 1908, ndipo pambuyo pake panamangidwa chipatala cha anthu odwala khate. Njanji imadutsa m'deralo, koma wodwala wa pakati pa usiku sadikira sitima. Nchifukwa chake Toyota Land Cruiser, Nissan Patrol ndi Mitsubishi Pajero zili ndi ulemu kumeneko, ndipo mphunzitsi amene walandira ndalama zake zopumira pa ntchito angaganize kuti nthaŵi yakwana yoti naye agule yake, ngakhale yogwirapo kale ntchito.

Maganizo otere si oipa, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wa galimoto yotere suthera pa tsiku logula. Pamenepo ndi pamene umayambira.

Choyamba kudziŵa ndi msinkhu wake. Zambiri mwa galimoto zimenezi zimachokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi kuloŵa m'Malaŵi pa chipata cha Songwe, ndipo msonkho wa Malawi Revenue Authority umakwera malinga ndi ukulu wa injini ndi zaka za galimoto. Land Cruiser ya mtundu wa 80 inapangidwa kuyambira 1990 mpaka 1997, ndipo ya mtundu wa 100 kuyambira 1998 mpaka 2007. Pajero analeka kuipanga mu 2021. Penti ikhoza kuŵala, makilomita akhoza kuoneka ochepa, koma mphira wa m'mapaipi ndi m'zolumikizira umakalamba ndi zaka, galimoto iyende kapena ikhale.

Matenda oyamba kuonekera pa mseu ngati wa ku Utale ndi a kunsi. Galimoto yolemera matani oposa aŵiri ikamadumpha m'maenje tsiku ndi tsiku, mashoko amayamba kudontha, mabushi amang'ambika, ndipo chiwongolero chimayamba kuseŵera. Mwini wake akazengereza, matayala amadyeka mbali imodzi, ndipo kanthu kotsika mtengo kapha chinthu chokwera mtengo. Ma Land Cruiser 100 ena apamwamba amakwera ndi kutsika okha ndi mphamvu ya pampu ya mafuta. Pampu imeneyo ikafa, ambiri amangochotsa zonse ndi kuikapo masipuling'i wamba.

Achiŵiri ndi kutentha. Balaka ndi dziko lotentha, ndipo fumbi ndi njere za udzu zimatseka maso a rediyeta. Wothira madzi a pa mjigo m'malo mwa madzi oziziritsira injini amaonjezera vuto, pakuti mchere ndi dzimbiri zimatseka njira za m'kati. Injini ikaŵira, gasiketi imapsa kapena mutu wa injini umasweka, ndipo imeneyo si ntchito ya pansi pa mtengo.

Achitatu ndi a mafuta. Injini zakale za dizilo, monga 1HZ ya malita 4.2, zimapirira. Zatsopano zimapopera dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'mainjekita oyendetsedwa ndi kompyuta, amene timaboŵo take ndi tating'ono ngati tsitsi. Pamene mafuta anasoŵa m'dziko muno mu 2022 ndi zaka zotsatira, ambiri anagula a m'zigubu. Dizilo wa fumbi, wa madzi kapena wosakaniza ndi palafini amaononga mainjekita ndi pampu yomwe. Palinso lamba wa taiming'i, amene pa injini ngati 1HZ ayenera kusinthidwa pakati pa makilomita 100,000 ndi 150,000 monga buku la galimoto linenera. Akaduka galimoto ili paulendo, mapisitoni amaomba mavavu, ndipo injini iyenera kumasulidwa.

Achinayi amabwera ndi dzinja. Galimoto ikaoloka madzi akuya zitsulo zili zotentha, madzi amaloŵa m'madifu ndi m'mabering'i. Oilo amasanduka ngati mkaka, ndipo patapita miyezi kumveka kulira kunsi.

Nanga zonsezi zimadya ndalama zingati? Mitengo imasintha, koma malamulo atatu sasintha. Loyamba ndi lakuti chachikulu chimadya zambiri. Injini ya 1HZ imamwa oilo pafupifupi malita 10 pamene galimoto yaing'ono imakhuta ndi malita 4, ndipo pa mseu wafumbi oiloyo ayenera kusinthidwa pa makilomita 5,000 alionse. Thanki ya Land Cruiser 100 imaloŵa malita 96. Matayala ake ndi aakulu, ndipo zambiri za dizilo zili ndi mabatire aŵiri. Lachiŵiri ndi lakuti masipeya amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Motero chitsulo cha madola 100 chinachoka pa K118,000 kufika pa K170,000 tsiku limodzi, msonkho ndi phindu la wogulitsa zisanaŵerengedwe. Lachitatu ndi mtunda. Galimoto ikafera ku Utale, mwini wake alipira woikoka kukafika ku Balaka, ndipo chitsulo chosoŵa kapena makina oyezera kompyuta ya galimoto kaŵirikaŵiri ziyenera kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji galimoto za zipatala ndi za mabungwe zimakhalitsa pa miseu yomweyo? Yankho ndi lakuti zimene zimakhalitsa zili ndi dalaivala mmodzi, buku lolembamo maulendo, tsiku loikika la sevesi, ndi thumba la ndalama zokonzetsera. Munthu wamba amagula chitsulo chokha, zinayi zija osagula.

Choncho wofuna kugula akumbuke kuti safunsa anadya phula. Apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa. Alize injini m'mamaŵa isanatenthe ndi kuyang'ana utsi: wobiriŵira usonyeza kuti oilo akupsa, wakuda kuti dizilo sakupsa bwino, ndipo woyera wosaleka ukhoza kusonyeza madzi m'injini. Aloŵe kunsi kukafuna zodontha ndi dzimbiri, ayese magiya a matayala onse anayi, ndipo afunse buku la sevesi pamodzi ndi chiphaso cha COF. Koposa zonse, asathere ndalama zonse pogula, koma asunge gawo la matayala, lamba ndi sevesi yoyamba.

Njovu siilemedwa ndi minyanga yake, koma woiŵeta ayenera kuyamba waŵerenga udzu. Mphunzitsi amene waŵerenga naona kuti thumba silikwana sanalephere mayeso. Iye wapulumutsa ndalama za zaka 30 za choko, zimene zikanathera pa galimoto yogona pa njerwa kuseli kwa nyumba, nkhuku zikuikira m'kati mwake.