Polishi wa galimoto: dziwani wochotsa timizere ndi wongobisa musanapikule

Inu amene mumagulitsa zinthu za magalimoto, kaya pabenchi kumsika kaya m'kashopu, komanso inu a malo otsukira magalimoto, funso ili mumakumana nalo kawirikawiri: "Bwana, muli ndi polishi wochotsa timizere iti?" Kasitomala amakhala akuloza boneti yomwe ikakhala padzuwa imaoneka ngati yakutidwa ndi ukonde wa kangaude. Ogulitsa ambiri amangotola botolo lililonse lolembedwa kuti polishi n'kulandira ndalama. Pakatha masabata awiri kapena atatu timizere tija timaonekanso, ndipo kasitomalayo sabweranso.

Nthawi zambiri katunduyo sakhala wachinyengo ayi. Vuto n'lakuti dzina limodzi lakuti polishi tikuitanira zinthu zitatu zogwira ntchito zosiyana. Sabata ino tiyeni tizisiyanitse, kuti popikula musakwirire mpamba pa katundu wolakwika, ndipo pogulitsa mupereke chimene munthu akufunadi.

Timizereti n'chiyani?

Penti wa magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi magawo atatu. Pansi pali penti woyamba wogwira chitsulo, pakati pali wamtundu, ndipo pamwamba pali woonekera ngati galasi amene opopera penti amati kiliya. Kunyezimira kwa galimoto kumachokera pa kiliyayu, ndipo ndi yemweyu amene amatchinjiriza mtundu kuti usasuluke ndi dzuwa.

Timizere tozungulira tija ndi zokalika zing'onozing'ono zambirimbiri pa kiliya. Fumbi ndi mchenga wosalala. Munthu akapukuta galimoto yafumbi ndi nsalu youma, kapena akatsuka galimoto yonse ndi ndowa imodzi ya madzi omwe ada kale, mchengawo umakanda kiliya. Kuwala kukafika pamalo okalikawo kumamwazika m'malo mobwerera bwinobwino, n'chifukwa chake galimoto imaoneka yotuwa. Kuno kwathu vutoli limakula m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pomwe fumbi limachuluka ndipo madalaivala amapukuta galimoto kangapo patsiku. Limaonekera kwambiri pa galimoto yakuda, yabuluu wakuda ndi yofiira. Pa yoyera ndi yasiliva timizereti timakhalapo ndithu, koma sitioneka msanga.

Chokalika n'kamgula kakang'ono, ndipo njira zothana nako zilipo ziwiri zokha. Yoyamba ndi kupala kiliya wozungulira mpaka afanane ndi pansi pa kamgulako. Yachiwiri ndi kukatseka ndi mafuta kapena phula kuti kasaoneke. Njira yoyamba ndiyo kuchotsa. Yachiwiri n'kubisa chabe.

Zinthu zitatu za dzina limodzi

Choyamba ndi kompaundi. Uyu ali ndi timibulu tokhakhala, kawirikawiri ta aluminium oxide, timene timagwira ntchito ngati sandipepa wosalala kwambiri. Amapala msanga, ndipo ndiye woyenera pa zokalika zozama pang'ono, pa penti wotuwa ndi dzuwa, komanso pofafaniza mizere ya sandipepa galimoto ikangopoperedwa. Kuipa kwake n'kwakuti amadya kiliya wambiri ndipo nthawi zina amasiya chifunga chake pa penti, makamaka wakuda.

Chachiwiri ndi polishi weniweni, womalizira. Nayenso amapala, koma timibulu take n'tosalala kwambiri. Amachotsa timizere tosazama ndi chifunga chosiyidwa ndi kompaundi, ndipo ndiye amabweretsa kunyezimira kokhalitsa chifukwa amasalazadi kiliya.

Chachitatu ndi wakisi ndi anzake oteteza. Wakisi wotchuka ndi wa carnauba, phula lochokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa kanjedza womera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Ena amapangidwa ndi mankhwala a m'fakitale ndipo amakhalitsa kuposa wa carnauba. Onsewa sapala. Amakuta penti, amatseka timizere kwa kanthawi, ndipo madzi amangotsetsereka. Galimoto imanyezimira tsiku lomwelo, koma ikatsukidwa kangapo ndi sopo wamphamvu zonse zimabwerera poyera. Apa ndiye pamene pali chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso mabotolo osakaniza zonse zitatu: amapala pang'ono, amatseka pang'ono, amateteza pang'ono. Awa ndi abwino kwa munthu wopaka ndi manja kunyumba, bola mumuuze zoona kuti gawo lina la kukongolako n'longobisa.

Mayina amene mungakumane nawo

Katunduyu pafupifupi yense amachokera kunja, ndipo mayina ake akhoza kusokoneza. Kampani ya Meguiar's ya ku America ili ndi Ultimate Compound wopala ndi Ultimate Polish womalizira, onse otheka kupaka ndi manja. Kwa ogwiritsa ntchito makina ili ndi M105 wopala kwambiri ndi M205 womalizira, ndipo awiriwa amayendera limodzi.

Pa mabotolo a 3M Perfect-It omwe amagulitsidwa ku Ulaya ndi madera ena, chitsekero ndicho chimakuuzani: chobiriwira ndi wopala kwambiri, chachikasu ndi wapakati, chabuluu ndi womalizira. Menzerna ya ku Germany imagwiritsa ntchito manambala. Nambala ikachepa, kupala kumachuluka, kotero 400 ndi kompaundi wamphamvu, 2500 ndi wapakati, ndipo 3500 ndi womalizira. Farécla G3 ya ku Britain ndi kompaundi amene owongola ndi kupopera magalimoto amamudziwa bwino, ndipo mnzake womalizira ndi G10.

T-Cut wakale uja, nayenso wa ku Britain, amapala ndithu ndipo amathandiza pa penti wotuwa, koma sateteza, choncho amafuna wakisi pambuyo pake. Autoglym Super Resin Polish ali m'gulu la osakaniza. Turtle Wax Color Magic ali ndi utoto wofanana ndi wa galimoto umene umathandiza kubisa zokalika. Soft99 Fusso Coat wa ku Japan ndi woteteza, si wochotsa timizere.

Mukakumana ndi dzina lachilendo, werengani zolembedwa pabotolo. Mawu akuti compound kapena cut akutanthauza wopala. Mawu akuti finish kapena fine akutanthauza womalizira. Mawu akuti wax, glaze kapena sealant akutanthauza wokuta ndi woteteza.

Kiliya ndi wochepa, samerera

Apa m'pamene pali ngozi yaikulu kwa otsuka magalimoto. Kiliya wa kufakitale nthawi zambiri amakhala wochindikala ma micron 35 mpaka 50, ndipo micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Pepala wamba la muofesi limakhala ndi ma micron pafupifupi 100. Ndiye kuti kiliya yense safika ngakhale pa kuchindikala kwa pepala limodzi. Nthawi iliyonse imene mwapaka kompaundi mwachotsako pang'ono, ndipo chimene chachoka sichibwerera. Mukamuboola palibe botolo lokonza. Chotsalira n'kupopera chitseko chonse kapena boneti yonse, ndipo ndalama yake ikhoza kumeza phindu lanu la mwezi wathunthu.

Lamulo lake n'limodzi: yambani ndi wofewa. Sankhani kamalo kofanana ndi mpango wa m'manja, yesani polishi womalizira, pukutani, yang'anani. Ngati timizere tachoka, kompaundi musamukhudze. Ngati sitinachoke, m'pamene mukwere kupita kwa wamphamvu. Odziwa ntchitoyi amaona kuti penti wa magalimoto ambiri a ku Japan, monga Vitz, Passo, Sienta ndi Fit amene adzaza m'misewu yathu, amakhala wofewa poyerekeza ndi wa Mercedes-Benz, BMW kapena Volkswagen. Wofewa amakalika msanga, komanso amakonzeka msanga ndi polishi wofewa. Kumbukiraninso kuti galimoto yogula yakale ikhoza kukhala itapalidwa kale kangapo isanafike kwa mwini wake wa lero.

Funsani musanagulitse

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pali mayeso anayi osalira ndalama amene mungachite kasitomala ali pomwepo.

Loyamba ndi la chikhadabo. Chiyendetseni pang'onopang'ono modutsa chokalikacho. Chikakola, ndiye kuti chazama kwambiri, ndipo polishi angochichepetsa koma sachichotsa. Mukaona mtundu wina pansi pake, kapena chitsulo, mutumizeni kwa opopera penti.

Lachiwiri ndi la madzi. Nyowetsani malowo. Zokalika zikazimiririka pamene pali ponyowa, ndiye kuti zili pa kiliya pokha ndipo pali chiyembekezo.

Lachitatu ndi la nsalu yoyera. Pakani kapolishi pang'ono pamalo obisika. Nsalu ikatuluka ndi mtundu wa galimoto, pentiyo alibe kiliya. Izi zimapezeka pa magalimoto akale, ena onyamula katundu ndi ena opoperedwa motchipa. Penti wotere akatuwa amabwerera bwino ndi kompaundi wofewa, koma amafuna wakisi mwamsanga.

Lachinayi ndi la kuwala. Mumthunzi galimoto iliyonse imakongola. Yang'anani padzuwa, kapena unikani ndi tochi ya foni. Pofuna kudziwa ngati botolo latsopano likuchotsa kapena likubisa, lipakeni pa kamalo kamodzi, kenaka tsukanipo kawiri ndi sopo wamadzi wotsukira mbale kuti mafuta achoke, muunikenso. Yesani botolo limodzi motere musanaode katoni.

Funsaninso ngati munthuyo apaka ndi manja kapena ndi makina. Ndi manja, kompaundi wa makina amangotopetsa ndipo amasiya mabala. Makina ongozungulira malo amodzi amapala msanga, koma amatenthetsa penti, amaboola m'mbali ndi m'makona, ndipo m'manja mwa wophunzira amasiya mizere yawoyawo yooneka padzuwa. Makina ozungulira uku akunjenjemera amachedwerapo koma savulaza penti msanga, ndipo ndi amene woyamba kumene ayenera kugula. Siponji nayo ili ndi gawo: yolimba kapena yaubweya imapala, yofewa imamalizira.

Kasitomala wina wofunika kumusamala ndi wa garaja yopopera penti. Wakisi ndi mabotolo okhala ndi silicone amachititsa kuti penti watsopano akane kugwira, n'kusiya timaenje. Kwa ameneyu perekani kompaundi ndi polishi wolembedwa kuti alibe silicone. Galimoto yongopoperedwa kumene isapakidwe wakisi kufikira wopoperayo atanena kuti penti wauma mokwanira.

Kuwerengera phindu

Popeza katunduyu ndi wakunja, mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha. Amene anali pamalonda mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo yoodera inasinthira. Choncho musaike mtengo poyang'ana ndalama imene munagulira, koma imene mudzagulire botolo lotsatira.

Musayerekezenso mabotolo ndi maso. Ena ndi a mamililita 450, ena 473, ena 500, ena lita. Gawani mtengo kuti mupeze wa mamililita 100. Tingoyerekeza: botolo la mamililita 500 pa K30,000 likutanthauza K6,000 pa mamililita 100, pomwe la lita pa K50,000 likutanthauza K5,000. Wotsuka magalimoto apindula ndi lalikulu. Wogulitsa kwa eni galimoto apindula ndi laling'ono, chifukwa limatuluka msanga ndipo silimanga mpamba.

Inu a malo otsukira, lembani tsiku lotsegula botolo ndi chiwerengero cha magalimoto amene lagwira. Polishi safuna kuthira ngati phala. Timadontho titatu kapena tinayi tofanana ndi nsawawa timakwanira pa kamalo kamodzi. Kenaka ikani mitengo itatu pa ntchito zitatu: kutsuka ndi kupaka wakisi, kupolisha kamodzi ndi wakisi, komanso ntchito yonse ya kompaundi, polishi ndi wakisi. Yachitatuyi ikhoza kutenga tsiku lathunthu, ndiye musailipiritse ngati yoyamba. Muwerengeremo siponji, nsalu, magetsi ndi malipiro a anyamata.

Ngati mpamba ndi wochepa, yambani ndi polishi womalizira kapena wosakaniza uja, wakisi, ndi nsalu za microfibre. Kompaundi wamphamvu sungirani amagaraja amene mukudziwa kuti amamufuna. Mabotolo asakhale padzuwa tsiku lonse, chifukwa kutentha kumalekanitsa mafuta ndi timibulu, ndipo wam'chitini amauma. Ikani limodzi lachionetsero, ena asungeni pamthunzi. Popikula yang'anani ngati chitsekero chili chomata ndiponso ngati zolembedwa zikuoneka bwino. Mukamagawa m'timabotolo ting'onoting'ono, lembanipo dzina, kuopa kupatsa munthu kompaundi m'malo mwa womalizira.

Chomaliza, gulitsaninso njira yopewera. Muuzeni kasitomala kuti azitsira madzi kaye fumbi lisanakhudzidwe, azigwiritsa ntchito ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu, aziyambira padenga kutsikira pansi, ndipo nsalu ya matayala isafike pa boneti. Sopo waufa wochapira zovala amachotsa wakisi, choncho ndi bwino kugula sopo wa galimoto. Polishi azipakidwa pamthunzi, galimoto itatsukidwa bwino ndipo chitsulo chitazizira. Mukatero mwagulitsa sopo, nsalu ndi wakisi pamwamba pa botolo limene anabwerera, ndipo akadzafunsidwa ndi anzake kumene anagula, adzaloza benchi yanu.