Mwana akatentha thupi pakati pa usiku

Matenda a mwana wamng'ono sadikira kuti kuche. Masana amathamangitsa nkhuku pabwalo, madzulo wakana nsima, pofika pakati pa usiku thupi lachita kuotcha. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri sanena pamene pakupweteka. Amangolira, mwinanso kungoti zii, ndipo bata limenelo ndi lomwe limadula mtima wa kholo. M'nyumba zambiri funso limakhala limodzi: tidikire kuche, kapena tinyamuke pompano?

Funsoli si lapafupi. Chipatala chili kutali, wa kabaza usiku amakweza mtengo, ndipo m'nyumba mwatsala ndalama ya ndiwo yokha. Ndiye mayi amagula panado pa okala, kumwetsa mwana, nkukhala tsonga pamphasa akumusisita pamphumi. Panado amaziziritsa thupi, inde, koma sapha tizilombo ta malungo. Thupi likazizira m'mawa, banja limapuma nkumati wachira, pomwe matenda akulowerera.

Nkhawa ya kholo si chinthu choti tizichiletsa. Ndi nkhawayo imene imadzutsa mayi kuti akhudze mwana. Chimene imasowa ndi chochita, ndipo azaumoyo anatipatsa kale zoti tiziyang'ana. Mwana akakanika kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse cholowa m'kamwa, akakomoka, kapena akalefuka mpaka kuvuta kumudzutsa, palibenso zokambirana. Ameneyo ndi wonyamuka naye usiku womwewo.

Palinso kapumidwe. Vulani mwana malaya pamene wadekha, muyatse tochi ya pafoni, muwerenge kukwera ndi kutsika kwa chifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu, kupuma ka 40 kapena kuposerapo ndi kupuma mothamanga, ndipo chikhoza kukhala chibayo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, musachedwe. Mphindi imodzi imeneyi imathandizanso kholo lomwe: manja amene amanjenjemera apeza ntchito, ndipo mutu wapeza yankho.

Kukomoka ndi kumene kumabalalitsa anthu kwambiri. Maso atembenuka, manja auma, ndipo wina akuthamangira supuni kuti aike m'kamwa. Musatero. Mugonekeni cham'mbali, musamuike kanthu m'kamwa, musamumwetse madzi kapena mankhwala, ndipo konzekani ulendo.

Kumidzi yotalikira chipatala, khomo loyamba kugogoda ndi la mlangizi wa zaumoyo. Kuchokera mu 2008 boma lakhala likukhazikitsa timakiliniki ta m'mudzi, komwe alangiziwa amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Kadontho ka magazi a pachala kamasonyeza m'mphindi zochepa ngati ali malungo. Akapezeka, mwana amapatsidwa LA, mankhwala amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo apa mpamene ambiri timagwa. Tsiku lachiwiri mwana wayamba kusewera, otsalawo nkusungidwa pawindo kuti adzathandize mng'ono wake. Kutero nkusiya tizilombo tamoyo m'magazi. Ngakhale mwana wobayitsa katemera wa malungo, amene dziko la Malawi linali loyamba kumupereka mu Epulo 2019, ayenera kukayezetsa akatentha thupi, chifukwa katemerayu amachepetsa chiopsezo koma sachichotseratu.

Kutsegula m'mimba nako kuli ndi nkhani zake. Agogo amati ndi mano akumera, asiyeni. Liwombo likalowa, ena amalimata mankhwala azitsamba. Koma liwombo lolowa, maso olowa ndi kulira kopanda misozi zikunena chinthu chimodzi: madzi atha m'thupi. Paketi ya Thanzi ORS isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi aukhondo, mwana azimwa pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 nkuyambiranso. Bere lisaleke, phala lisaleke, ndipo mapiritsi a zinki amwe mpaka atatha.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mlandu umene umagwera mayi. Mwana akatupa mapazi ndi kuwonda, akuluakulu amakhala pansi kufunsa amene wamutsempha. Mayi amene wachezera usiku wonse ali maso akuyankha mafunso ochititsa manyazi, bambo akulumbira kuti sanayende njira ina, ndipo masiku akupita. Sindinyoza agogo athu, pakuti nawonso akuchita mantha ndipo akufuna chifukwa. Koma kutupa kwa mapazi onse awiri ndi chizindikiro cha kunyentchera koopsa, ndipo kuchipatala kuli chiponde ndi mkaka wapadera zomwe zimabweza ana otere. Zokambirana za m'banja zikhoza kudikira mwana atagonekedwa.

Mayi wodwazika naye amafunika kusamalidwa. M'wodi ya ana mumapeza amayi atakhala pambali pa bedi, chitenje chomwecho tsiku lachitatu, osadya mokwanira, akuganiza za ana ena amene atsala kunyumba. Bambo amene amangotumiza ndalama pafoni wachitapo mbali yake, koma yochepa. Kumulandira mwana maola awiri kuti mayi atseke maso, kuphikira otsala kunyumba, kumvera limodzi malangizo a dokotala kuti asaiwalike, zonsezi ndi mankhwala a nkhawa. Kholo lotopa limaiwala nthawi ya mankhwala, ndipo limadziimba mlandu pa zimene silinalakwe.

Mukafika pachipatala, musakhale chete kumapeto kwa mzere chifukwa cha ulemu. Njira yosankha ana odwalitsitsa kuti athandizidwe msanga, yotchedwa ETAT, inakhwimira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaona kuti ana ambiri amene amamwalira m'chipatala amatisiya m'tsiku loyamba atafika. Lero anamwino amaphunzitsidwa kudumphitsa mzere mwana wotere. Tulutsani kabuku ka kusikelo, muuze namwino mawu achindunji: wakomoka kunyumba, sakuyamwa, akubanika. Nenaninso mankhwala onse amene mwamupatsa, ngakhale azitsamba, ndi nthawi imene anamwa.