Mchere wa Silikoni ndi Nthenda ya Masamba a Maungu

Mlimi aliyense wa ndiwo zamasamba amaidziwa nthenda ija imene imayeretsa masamba a maungu ndi nkhaka ngati kuti wina wawawaza ufa. Imayamba ndi timadontho toyera pa masamba akale a m'munsi, kenaka imafalikira mpaka tsamba lonse lichita chikasu ndi kuuma. Zikatero zipatso sizikhwima bwino, ndipo nkhwani wake sagulika pa msika. Pa Chingerezi nthendayi amaitcha powdery mildew, ndipo imadza ndi tizirombo ta gulu la chuku timene timauluka ndi mphepo. Mlimi wopopera mankhwala a kusitolo ali napo pothawira, koma mnzake amene anasankha kulima popanda mankhwala ndi fetereza wa m'fakitale, ulimi uja amautcha organic, zida zake n'zochepa. N'chifukwa chake akatswiri a zaulimi akhala akufufuza ngati mchere wina wa m'nthaka, wotchedwa silikoni, ungamuthandize.

Silikoni si chinthu chosowa ai. Pa zinthu zonse zimene zimapanga miyala ndi nthaka ya dziko lapansi, iye ndi wachiwiri kuchuluka, pafupifupi magawo 28 pa 100 alionse, ndipo mchenga wa m'mbali mwa nyanja ngodzaza naye. Komabe mbeu siingadye mchenga. Mizu imamwa silikoni pokhapokha atasungunuka m'madzi a m'nthaka, ndipo mchenga umasungunuka pang'ono kwambiri, kotero kuti kuuthira m'dimba pofuna silikoni n'kungotaya mphamvu. Nthaka zakale za m'maiko otentha, zimene mvula yakhala ikuzitsuka kwa zaka zosawerengeka, ndizo kawirikawiri zimasowa silikoni wosungunukayu.

Anthu a ku Japan anazindikira phindu lake kalekale, ndipo analiona pa mpunga. M'chaka cha 1917 katswiri wina dzina lake Onodera anapeza kuti masamba a mpunga ogwidwa ndi nthenda yotchedwa blast anali ndi silikoni wochepa poyerekeza ndi masamba abwino. Pofika m'chaka cha 1955 boma la dzikolo linali litavomereza kuti zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, zimene zili ndi silikoni wambiri, zizigulitsidwa ngati fetereza wa mpunga. Mpunga ndi mbeu yokonda silikoni koposa, pakuti pa kulemera kwa mapesi ake ouma, gawo limodzi mwa magawo 10 likhoza kukhala la mcherewu.

Nanga silikoni amaiteteza bwanji mbeu? Pali njira ziwiri. Yoyamba n'njakuti akakwera ndi madzi kuchokera ku mizu amakakhazikika pansi pa khungu la tsamba, n'kupanga kachigoba kolimba kamene kachirombo kamavutika kuboola. Yachiwiri inaonekera pa kafukufuku wa nkhaka amene Richard Bélanger ndi anzake anachita pa yunivesite ya Laval ku Canada m'zaka za m'ma 1990. Iwo anapeza kuti mbeu yokhuta silikoni imafulumira kupanga mankhwala akeake olimbana ndi chuku pamene nthenda yafika. Koma silikoni akakhazikika m'tsamba sachokanso kupita ku masamba atsopano, choncho mizu iyenera kumampeza masiku onse a moyo wa mbeuyo. Apa mpamene mau a akulu akuti mmera mpoyamba amapherezera: silikoni amathiridwa m'nthaka mbeu isanabzalidwe. Kumuthira masamba atayera kale n'kuchedwa, chifukwa iye sachiza mbeu yodwala.

Umboni womveka bwino pa ndiwo za m'dimba unachokera ku New Jersey, m'dziko la America. M'zaka za 2000 ndi 2001, Joseph Heckman wa pa yunivesite ya Rutgers ndi anzake anabzala maungu pa nthaka ya asidi. Mbali zina za munda anathiramo laimu wamba, mbali zina anathiramo calcium silicate, mchere umene umachepetsa asidi monga achitira laimu koma uli ndi silikoni. M'chaka choyamba zokolola za m'mbali za silikoni zinaposa zinzake ndi magawo 60 pa 100 alionse. M'chaka chachiwiri nthenda inacheperako pang'ono, koma zokolola sizinasiyane konse. Zaka ziwirizi ziyenera kukumbukiridwa pamodzi. Munthu wogulitsa katundu wake adzatchula chaka choyamba chokha, koma mlimi wanzeru adziwe kuti silikoni amachedwetsa nthenda ndi kuichepetsa mphamvu, saithetseratu, ndiponso kuti phindu lake limasiyana malinga ndi nyengo ndi nthaka.

Mbeu nazo sizilandira silikoni mofanana. Mpunga, nzimbe, tirigu ndi mbeu zina za gulu la udzu zimamwa wochuluka. Maungu, nkhaka ndi mavwende zili pakatikati, ndipo n'zimene zaonetsa phindu pa ndiwo za m'dimba. Matimati amamwa wochepa kwambiri, kotero mlimi wa matimati asayembekezere kuti chiwau chidzamuleka chifukwa cha silikoni.

Funso lotsala n'lakuti mlimi angampeze kuti silikoniyo. Ku America alimi a organic amagula mwala wopera wotchedwa wollastonite, umene umakumbidwa m'chigawo cha New York. Popeza mwalawu umachepetsa asidi, suyenera kuthiridwa wambiri pa nthaka imene siifuna laimu, chifukwa asidi akachepa mopitirira muyeso mbeu imalephera kumwa michere ina. Kuno ku Malawi, kumene nkhwani ndi ndiwo ya pakhomo lililonse, gwero lapafupi ndi mankhusu a mpunga amene amaunjikana pa zigayo za ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi madera ozungulira nyanja ya Chilwa. Pa thumba la mpunga wosapuntha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi mankhusu, ndipo phulusa lake mbali yaikulu ndi silikoni wophatikizana ndi okosijeni.

Kaotchedwe ka mankhusuwo n'kofunika kusamala. Akapsa pang'onopang'ono, mpweya uli wochepa, mpaka kuda ngati makala, silikoni wake amasungunuka bwino m'nthaka. Akapsa ndi moto wamphamvu kwambiri kwa nthawi yaitali, silikoniyo amauma gwa ngati mchenga, mizu siimupeza, ndipo fumbi lake limaononga mapapo a munthu wolipuma. Mankhusu osaotcha akhoza kusakanizidwa ndi ndowe pa mulu wa manyowa, ngakhale amachedwa kuola. Mapesi a chimanga ndi udzu nazonso zili ndi silikoni, ndipo mlimi amene amazibwezera m'munda mwake chaka ndi chaka amabweza chimene mbeu zinatengamo.

Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza sukulu n'kuyamba dimba asakhulupirire nkhani imeneyi asanaiyese yekha. Akonze mabedi awiri ofanana, athire mankhusu otentha pa limodzi lokha, abzale maungu a mtundu umodzi tsiku limodzi, ndipo azilemba m'kope tsiku limene madontho oyera aoneka pa bedi lililonse pamodzi ndi kuchuluka kwa zokolola. Aphunzitsi a zaulimi akhoza kuchita chimodzimodzi ndi ana awo pa dimba la sukulu, ndipo ndi bwino kubwereza chaka chotsatira monga anachitira a ku New Jersey aja. Pochita zonsezi asaleke ntchito zina zija zodziwika: kubzala motalikana kuti mphepo izipita, kuthothola masamba odwala msanga, ndi kusinthasintha mbeu m'munda. Silikoni amathandiza mlimi amene akuchita kale zimenezi.