KUŴERENGA MOMVETSA: CHIPATA CHOLOŴERA KU UDOKOTALA WA MANO

Anthu ambiri amene amapita kuchipatala dzino litawasoŵetsa tulo amaganiza kuti luso la dokotala wa mano lili m'manja mokha. Iwo amaona mmene akubayira jekeseni yochititsa dzanzi ndi mmene akugwirira chitsulo chozulira dzino, ndipo amabwerera kwawo akutama manja akewo. Komatu manjawo asanagwire chitsulo, maso amayamba agwira ntchito. Dokotalayo amaŵerenga kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, malangizo a mankhwala, ndiponso kalata yochokera kwa dokotala mnzake.

Kuphonya liwu limodzi pa zolembedwazo kungathe kuika moyo wa munthu pachiswe. Alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi mankhwala a penicillin, kotero kuti akapatsidwa amatupa ndi kubanika. Aliponso ena amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo akazulidwa dzino mosasamala magazi amavuta kusiya. Zinthu zotere zimalembedwa, ndipo zimafuna munthu woŵerenga mwachangu koma mosadumpha kanthu. N'chifukwa chake sukulu zina za udokotala wa mano zimayamba zayesa luso la kuŵerenga la munthu zisanamlandire.

Mayeso a ku America

M'dziko la United States, ku America, munthu wofuna kuloŵa sukulu ya udokotala wa mano amalemba mayeso otchedwa Dental Admission Test, kapena DAT mwachidule. Amene amayendetsa mayesoŵa ndi bungwe la American Dental Association, ndipo amalembedwa pa kompyuta, m'Chingerezi. Ali ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi cha sayansi, cha mafunso 100 m'mphindi 90. Chachiŵiri chimayesa luso la maso pozindikira maonekedwe a zinthu, ndipo chili ndi mafunso 90 m'mphindi 60. Chachitatu ndi cha kuŵerenga, chomaliza ndi cha masamu, cha mafunso 40 m'mphindi 45. Kuyambira mu March 2025 malikisi amaperekedwa kuchokera pa 200 mpaka 600. Kale ankachokera pa 1 mpaka 30.

Pa chigawo cha kuŵerenga, wolemba mayeso amapatsidwa nkhani zitatu zazitali za sayansi ndi mafunso 50, ndipo ayenera kumaliza zonse m'mphindi 60. Funso lililonse lili ndi mayankho angapo oti asankhepo limodzi. Safunika kukhala atadziŵa kale za mutu wa nkhaniyo, pakuti mayankho onse ali m'nkhani momwemo. Chovuta chake ndi nthaŵi. Mphindi 60 zikagaŵidwa patatu, nkhani iliyonse imalandira mphindi 20, pamodzi ndi mafunso ake 16 kapena 17. Munthu akatha mphindi 8 akuŵerenga, zimamtsalira 12, ndiye kuti funso lililonse liyenera kuyankhidwa mphindi imodzi isanakwane.

Njira zitatu zodziŵika

Pofuna kuthana ndi kuchepa kwa nthaŵiku, okonzekera mayesoŵa amatsata imodzi mwa njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo kuŵerenga nkhani yonse mofatsa, kuyambira kumutu mpaka kumapeto, kenaka n'kuyamba mafunso. Ubwino wake ndi wakuti munthu amamvetsa bwino cholinga cha wolemba nkhaniyo. Kuipa kwake ndi kwakuti maina, zaka ndi manambala saachedwa kuiŵalika, motero amakakamizika kubwereranso m'nkhani kukafufuza, nthaŵi ikupita.

Njira yachiŵiri ndiyo kuyamba ndi funso. Munthu amaŵerenga funso, n'kutolamo liwu lofunika, monga dzina kapena chaka, n'kumayendetsa maso m'nkhani kufikira atalipeza, monga mmene mlenje amalondolera mapazi a nyama osasamala za tchire lonse. Njirayi imafulumira pa mafunso ofuna mfundo imodzi yokha. Koma imagwa mphwayi funso likafuna mfundo yaikulu ya nkhani yonse kapena maganizo a wolemba, chifukwa zimenezo sizipezeka pamzere umodzi.

Njira yachitatu ili pakati pa ziŵirizi. Munthu amaŵerenga nkhani yonse mofulumirako, ndipo pomaliza ndime iliyonse amalemba nambala ya ndimeyo ndi mawu aŵiri kapena atatu onena zimene zili mmenemo. Akamaliza amakhala ndi kamapu ka nkhani yonse. Funso likabwera sasakasaka ponseponse. Amayang'ana pa kamapuko, n'kupita molunjika pa ndime yoyenera.

Palibe njira imene ili yokomera aliyense. Woŵerenga mwaliŵiro angapindule ndi yoyamba, woŵerenga pang'onopang'ono angakonde yachiŵiri. Chofunika ndi kuziyesa zonse nthaŵi ikadalipo, wotchi ili pambali, ndi kusankha imodzi tsiku la mayeso lisanafike.

Chitsanzo cha mmene zimachitikira

Nachi chitsanzo cha nkhani yaifupi ya ndime zitatu, imene ikusonyeza mmene njira yachitatu imagwirira ntchito.

Ndime 1. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, pamene mwana amamera mano 20 oyamba amene pambuyo pake amaguluka. Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera chotchedwa enamel, chimene ndi cholimba koposa china chilichonse m'thupi, ngakhale fupa.

Ndime 2. M'kamwa mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamatirira pa mano. Munthu akadya shuga, tizilomboti timamsandutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuto chija pang'onopang'ono. Malovu amatsuka asidi ndi kubwezeretsa mphamvu ya dzino, koma amafuna nthaŵi. Motero munthu wodya zotsekemera pafupipafupi tsiku lonse amawononga mano ake koposa amene amadya zomwezo kamodzi, panthaŵi ya chakudya.

Ndime 3. Mchere wotchedwa fluoride, umene umapezeka m'mankhwala ambiri otsukira mano, umalimbitsa chikuto cha dzino. Komabe fluoride akachuluka kwambiri m'madzi akumwa, monga zimachitikira m'mijigo ya m'madera ena, mano a ana amene akukula amatuluka ndi maŵanga oyera kapena ofiirira.

Kamapu ka nkhaniyi kangakhale kotere: 1, mano ndi enamel; 2, shuga, asidi, malovu; 3, ubwino ndi kuipa kwa fluoride.

Tsono funso likati, "Kodi mwana amamera mano oyamba angati?" woyankha amapita pa ndime 1 n'kupeza 20. Wopupuluma angathe kulemba 32, poti ndiyo nambala yoyamba kukumana nayo. Funso likati, "Kodi chimasungunula chikuto cha dzino n'chiyani?" ambiri amathamangira kunena kuti shuga, chifukwa ndi zimene anamva kuyambira ali ana. Koma ndime 2 yanena kuti ndi asidi, wopangidwa ndi tizilombo kuchokera ku shugayo. Apa pali phunziro lalikulu: yankho lichokere pa zimene zalembedwa, osati pa zimene munthu anali nazo kale m'mutu.

Funso lina lingakhale lakuti, "Kodi wolemba nkhaniyi akuganiza zotani za fluoride?" Amene anangosaka liwu lakuti fluoride n'kuŵerenga chiganizo choyamba chokha adzayankha kuti ndi wabwino nthaŵi zonse. Amene anafika pa liwu lakuti "komabe" adzadziŵa kuti wolembayo akunena mbali ziŵiri: fluoride ndi wothandiza pamuyezo wake, ndi wowononga akapitirira.

Timawu tating'ono tosintha tanthauzo

Chitsanzochi chikusonyeza kuti timawu tating'ono ndi timene timagwetsa anthu. Mawu onga "koma", "komabe" ndi "ngakhale" amachenjeza kuti nkhani ikukhota. Mawu onga "chifukwa" ndi "motero" amalumikiza chochititsa ndi chotsatira chake. M'Chingerezi ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mawu monga however, although ndi therefore, ndipo wophunzira ayenera kuima pang'ono akawaona.

M'mafunso namonso muli misampha. Ena amafunsa chimene sichinatchulidwe m'nkhani, ndipo amakhala ndi liwu lakuti not kapena except. Wodumpha liwu limenelo amasankha mfundo yoona, n'kulakwa funso. Mayankho okhala ndi mawu onga "nthaŵi zonse" kapena "palibe ndi mmodzi yemwe" ayenera kuunikidwa kaŵiri, pakuti nkhani za sayansi kaŵirikaŵiri zimati "ambiri" kapena "nthaŵi zina". Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako sikutanthauza kukakamira pamalo amodzi. Pa mayeso a DAT yankho lolakwa silichotsetsa malikisi. Choncho funso likakanika, wolemba mayeso amachotsa mayankho amene akuoneka kuti ndi olakwika, amasankha limodzi mwa otsalawo, amaikapo chizindikiro kuti adzabwererepo nthaŵi ikatsala, n'kupitirira. Kusiya funso losayankhidwa ndiko kutaya mwayi.

Nanga m'Malaŵi muno?

Kwa zaka zambiri Mmalaŵi wofuna kukhala dokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, ngakhale kuti sukulu ya Malawi College of Health Sciences yakhala ikuphunzitsa akatswiri othandiza pa matenda a mano, amene amagwira ntchito m'zipatala zambiri za m'maboma. Mu 2019 sukulu ya College of Medicine inayamba maphunziro a digiri ya udokotala wa mano, mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland. Sukuluyi tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo madokotala a mano oyamba kuphunzitsidwa m'dziko muno anamaliza maphunziro awo mu 2025.

Olowa maphunziroŵa salemba DAT. Chimene chimayang'anidwa ndi mmene anakhozera mayeso monga a MSCE, makamaka pa maphunziro a sayansi. Koma luso la kuŵerenga ndi lomwelo. Kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, ndipo mayeso a Chingereziwo ali ndi gawo la kuŵerenga nkhani ndi kuyankha mafunso, ndiponso la kufupikitsa nkhani. Mafunso a sayansi nawonso ndi a m'Chingerezi, mabuku onse a udokotala chimodzimodzi. Mwana angathe kuidziŵa sayansi, koma n'kulephera chifukwa chosamvetsa chimene funso likufuna.

Zimene makolo angachite

Luso limeneli silifuna ndalama zambiri ayi. Mwana akhale ndi kanthaŵi tsiku lililonse koŵerenga kanthu kena kuwonjezera pa manotsi a kusukulu: nyuzipepala yakale, buku lobwereka kwa aphunzitsi kapena ku laibulale, ngakhale magazini a zaumoyo. Akamaliza ndime imodzi atseke bukulo, anene m'Chicheŵa, m'chiganizo chimodzi, zimene ndimeyo yanena. Akalephera, ndiye kuti maso anayenda koma mutu unatsalira, ndipo abwerezenso. Mawu achilendo awalembe m'kakope, koma ayambe wayesa kupeza tanthauzo lake poona mawu oyandikana nawo, popeza m'chipinda cha mayeso mulibe buku lomasulira mawu. Akazoloŵera, ayambe kudziikira nthaŵi.

Kholo losadziŵa Chingerezi, ngakhale losadziŵa kuŵerenga, lingathandize kwambiri. Lingathe kumfunsa mwanayo kuti, "Nkhani imeneyi ikuti chiyani? Wadziŵa bwanji? Tandiŵerengera pamene alembapo." Mafunso atatu ameneŵa amamphunzitsa kupeza mfundo yaikulu ndi kusonyeza umboni wake, zomwe ndizo mayeso amafuna. Makolo aonetsetsenso kuti ana aakazi sakuthera madzulo onse pamtondo ndi pachitsime pamene alongo awo ali pa mabuku.

Ngakhale ulendo wa kuchipatala ndi mwayi wophunzira. Podikira pamzere, mwana angathe kuŵerengera amayi ake zolembedwa pazikhoma ndi kuwafotokozera tanthauzo lake. Polandira mankhwala, angaŵerenge zimene zalembedwa pa kathumba: mapiritsi angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati, asanadye kapena atadya. "Aŵiri katatu pa tsiku" ndi "atatu kaŵiri pa tsiku" ndi malangizo osiyana, ngakhale onse akukwana mapiritsi 6. Ngati china sichikumveka, afunse a zaumoyo asanachoke pawindo. Mwana wozoloŵera kusamala chotere amateteza banja lake lero, ndipo wayamba kale kuphunzira chizoloŵezi chimene dokotala wa mano aliyense amachidalira pa ntchito yake.