Madzi saiwala khwawa: kukonzekera ulendo woyamba wa banja kuchokera ku Mashonaland kupita ku Malawi

M'makomboni a m'mafamu a fodya ozungulira Chinhoyi, Banket, Mvurwi, Bindura ndi Marondera, m'dziko la Zimbabwe, muli anthu ambiri amene akanena kuti "kumudzi" amatanthauza malo amene sadawaonepo ndi maso. Adabadwira pafamu, adakwatira pafamu, ndipo makolo awo adagona m'manda a pafamu pomwepo. Koma akafunsidwa za kwawo, amatchula Dedza, Mangochi, Mulanje kapena Nkhotakota.

Mabanja opeza bwino a m'mizinda amakamba zokwera ndege kukapuma ku Dubai kapena ku London. Ulendo wa kunja umene banja la wantchito wa pafamu limalota ndi wa makilomita pafupifupi 600 okha, kuchoka ku Harare, kudutsa ku Tete m'dziko la Mozambique, kukafika ku Blantyre. Basi imadula mtunda umenewu tsiku limodzi, komabe pali mabanja amene atha mibadwo itatu asanaukwanitse. Kawirikawiri chowalepheretsa sichikhala mtengo wa basi. Chimakhala kusowa mapepala ndiponso kusadziwa bwino mudzi umene akupita. Zinthu ziwirizi zimafuna nthawi yaitali, choncho ndi zimene banja liyenera kuyamba nazo.

Mmene adafikira ku Mashonaland

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland ankachoka kwawo kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya zovala m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Oyambirira ankayenda pansi kwa masabata angapo, kuoloka mtsinje wa Zambezi pabwato. Pambuyo pake kudabwera malole a Ulere, amene ankanyamula antchito kwaulere, ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene lidatchuka ndi dzina loti Mthandizi. M'nyengo ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu adapitirira kukhamukira kummwera.

Ambiri ankati akagwira zaka ziwiri abwerera. Koma malipiro adali ochepa, ndipo kubwerera kumudzi chimanjamanja kudali kochititsa manyazi. Chaka chidabala chinzake, iwo adapeza mabanja, ndipo kwawo adayamba kuwatchula kuti matchona. Ku Zimbabwe nako ankatchedwa Mabhurandaya, dzina lochokera ku mzinda wa Blantyre.

Pamene boma lidayamba kulanda ndi kugawa mafamu a azungu m'chaka cha 2000, m'mafamumo mudali antchito oposa 300,000. Anzawo achishona atachotsedwa ntchito adali ndi midzi yobwererako, pamene zidzukulu za matchona zambiri zidatsala m'makomboni, n'kumagwira maganyu kwa eni minda atsopano kapena kukumba golide.

Mapepala ayambe ndiwo

Lamulo la unzika limene lidasinthidwa m'chaka cha 2001 lidasiya anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe opanda dziko, kaamba koti makolo awo adachokera kunja. Pazitupa zawo padalembedwa mawu oti Alien, kutanthauza mlendo. Zinthu zidasintha ndi malamulo aakulu a dziko a 2013. Ndime 43 ya malamulowa imati munthu amene adabadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake lidali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'Zimbabwe momwemo, ndi nzika mwa kubadwa. Nayo Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi idavomereza unzika wa mayiko awiri m'chaka cha 2018.

Ngakhale zili choncho, lamulo lokha silipatsa munthu pasipoti. M'chaka cha 2021 bungwe la Amnesty International lidachenjeza kuti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe adali pachiopsezo chokhala opanda unzika uliwonse, ndipo ambiri mwa iwo adali zidzukulu za antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Mapepala amabalana ngati anthu. Mwana sangalandire pasipoti alibe kalata ya kubadwa, ndipo kalatayo imavuta kupeza ngati mayi ake alibe chitupa. Choncho ntchito iyambire kwa wamkulu wa onse m'banjamo n'kumatsika. Amene chitupa chake chikadali cholembedwa kuti ndi mlendo apite ku ofesi ya kalembera wa boma kukachisinthitsa, atatenga kalata yake ya kubadwa ndi mapepala alionse a makolo ake. Kumene kulibe pepala la kuchipatala, khadi la sikelo, kalata ya ubatizo, kalata ya mphunzitsi wamkulu ndi mboni zachibale zimathandiza kutsimikiza kumene munthu adabadwira. Boma lidayendetsapo kalembera woyendayenda kuyambira mu Epulo mpaka mu Sepitembala 2022, ndipo mwayi wotere ukabweranso usaphonyedwe.

Mu Januwale 2024 mtengo wa pasipoti wamba ya Zimbabwe udakwezedwa kufika pa madola 150 a ku America, osawerengera ndalama ina yolipira popereka mafomu. Bambo, mayi ndi agogo okha ndi madola 450, ana asanawerengedwe. Kwa wantchito wa pafamu, amenewa ndi malipiro a miyezi ingapo. Mwayi wake ndi woti nzika za Zimbabwe sizifuna viza pokacheza kwa masiku owerengeka ku Mozambique ndi ku Malawi. Kholo limene likuyenda lokha ndi ana linyamule makalata awo a kubadwa, pamodzi ndi kalata yolumbirira yosonyeza kuti kholo linalo lavomereza.

Agogo ndiwo akudziwa njira

Pasipoti imafikitsa munthu pa Mwanza, koma siimuonetsa mudzi. Dziko la Malawi lili ndi maboma 28 ndi midzi zikwizikwi, ndipo midzi yambiri idagawikana n'kutenga mayina atsopano. Amene angonena kuti ndi wa ku Dedza sananene kanthu.

Banja likhale pansi ndi agogo akadali moyo, ndipo mwana wa sukulu alembe m'kope zonse zimene akunena. Zofunika ndi dzina la boma, la mfumu yaikulu, la gulupu ndi la nyakwawa, komanso mfunda wa banjalo, kaya ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe. Alembenso phiri, mtsinje, msika, mishoni kapena mzikiti umene udali pafupi. Dzina lenileni la ubwana nalo lifunsidwe, pakuti anthu ambiri adalembedwa mayina ena pazitupa za ntchito, ndipo kumudzi dzina la pafamu palibe angalidziwe.

Pali funso lina limene ana okulira pakati pa Ashona amaliiwala. Kwa Ashona mtundu umatsata bambo. Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe mbumba imatsata mayi. Mwamuna amene adachoka m'zaka za m'ma 1950 adasiya alongo ake pamudzi, ndipo lero ana ndi zidzukulu za alongowo ndi amene ali pamalopo. Choncho mayina ofunika kwambiri ndi a mayi ake a agogo ndi a alongo awo. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena, kufufuza kutsate mbali ya kuchimuna.

Uthenga utsogole anthu asananyamuke. Mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ku Harare, imene idakula potumikira anthu ochokera ku Nyasaland, ndipo abusa ake angathandize kulumikizana ndi mipingo ya ku Malawi. Asilamu ali ndi njira yomweyo kudzera mwa mashehe. Mabungwe othandizana pamaliro, oyendetsa malole ndi magulu a pa WhatsApp nawonso afikitsapo mauthenga kwa mafumu. Banja lisagule matikiti lisanamve mawu a m'bale mmodzi pafoni. Safunsa adadya phula.

Kusonkha ndalama

Ndi chanzeru kugawa ndalama ya ulendo m'zigawo zisanu: ya mapepala, ya basi kupita ndi kubwerera, ya chakudya ndi maminibasi a m'Malawi, ya mphatso, ndi ya zogwa mwadzidzidzi. Ya mapepala ndiyo yaikulu, ndipo ubwino wake ndi woti siifunika tsiku limodzi. Banja likhoza kutenga pasipoti imodzi nyengo ino, ina nyengo yamawa, kuyambira ya agogo.

Chipereganyu, chimene Ashona amati mukando, ndi njira yodziwika kale m'makomboni. Mwachitsanzo, anthu 10 osonkha madola 15 pamwezi amatulutsa madola 150 mwezi uliwonse, ndipo pakutha pa miyezi 10 aliyense amakhala atapeza ndalama ya pasipoti imodzi. Ndalama yotere ndi yolemera kwa waganyu, choncho gulu likhoza kusonkha m'miyezi yokolola ndi yosankha fodya yokha, pamene ntchito imachuluka. Alimi amene ali ndi kamunda kawo apatuliretu gawo la ulendo tsiku limene agulitsa fodya kapena chimanga, ndalama isanalowe m'nyumba. Ngongole ya katapira ipewedwe, pakuti ulendo wa masabata awiri sungalipidwe ndi njala ya chaka chonse.

Ndalama za mayiko onse atatu zakhala zikusintha mphamvu. Zimbabwe idayambitsa ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024, ndipo kwacha ya Malawi idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake mitengo imene munthu adauzidwa chaka chatha siyodalirika. Ndalama isinthidwe kubanki kapena kumalo ovomerezeka, osati kwa anyamata oyendayenda a pachipata.

Mphatso ndiye msampha wakale. Manyazi amene adatchonetsa agogo ndi omwewo amene lero amauza mdzukulu kuti asapite kufikira atagula bulangete la aliyense. Shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira ndi zitenje zingapo n'zokwanira, ndipo zonsezi zimapezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe popanda kulipira katundu m'basi. Ndalama yobwerera isungidwe payokha kwa munthu mmodzi, ndipo isakhudzidwe ngakhale abale adandaule chotani.

Nthawi yabwino yonyamuka

Ambiri amaganiza za Khirisimasi, koma Disembala ndi mwezi wovuta mbali zonse. Ku Mashonaland ntchito ya fodya imakhala pachimake, mabasi amadzaza, ndipo ku Malawi nkhokwe zimakhala zitayamba kupepuka. Alendo asanu pakhomo nthawi imeneyo ndi mtolo, ngakhale mwini khomo sanganene. Mvula nayo imaononga misewu, monga zidachitikira mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adasakaza Blantyre, Mulanje ndi Phalombe.

Tchuthi cha sukulu cha mu Ogasiti ndicho choyenera. Fodya amakhala atagulitsidwa, chimanga chili m'nkhokwe, udzudzu wachepa, ndipo ku Tete kutentha kwa mu Okutobala kumakhala kusanafike. Imeneyi ndi nyengonso ya miyambo, pamene ana amene adangoona zigure za pakomboni angakaone Gule Wamkulu kwawo kwenikweni. Wantchito wokhazikika apemphe tchuthi msanga ndipo chilolezo chilembedwe papepala. Waganyu asiye munthu wodalirika m'nyumba, chifukwa pafamu nyumba imayendera limodzi ndi ntchito.

Pamsewu ndi kumudzi

Kuchoka ku Harare msewu umadutsa pa Murewa ndi Mutoko kukafika pachipata cha Nyamapanda. Ukalowa m'Mozambique umadzera pa Changara mpaka ku Tete, kumene kuli milatho iwiri pa Zambezi, wa Samora Machel ndi wa Kassuende umene udatsegulidwa m'chaka cha 2014. Opita ku Blantyre amatulukira pa Zobue ndi Mwanza, pamene opita kuchigawo chapakati ali ndi njira ina yotulukira pa Dedza. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe m'chaka cha 1992, magalimoto ankadutsa m'njirayi moperekezedwa ndi asilikali. Zipolowe za pambuyo pa chisankho cha 2024 zidasokonezanso maulendo, choncho ndi bwino kufunsa oyendetsa mabasi mmene njira ilili. Pachipata chilichonse munthu aliyense adindiritse yekha pasipoti yake, ndipo aone tsiku limene adamulembera kuti atuluke. Kamba wophika kunyumba ndi madzi akumwa zimapulumutsa ndalama zambiri.

Ana okulira kumtunda kozizira ngati ku Marondera matupi awo sadazolowere malungo, choncho masikito anyamulidwe, ndipo mwana akatentha thupi, kaya ali paulendo kaya atabwerako, apimidwe msanga. Madzi akumwa awiritsidwe, pokumbukira kolera amene adapha anthu oposa 1,700 ku Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023. Ngati ndalama yatsalako, tsiku limodzi ku Senga Bay kapena ku Monkey Bay ndi lokwanira kuti ana aone nyanja imene dziko lawo lobadwira lilibe yofanana nayo, koma asasambe m'madzi odikha a m'mabango chifukwa cha likodzo.

Pofika pamudzi, alendo ayambe aonekera kwa nyakwawa kudzera mwa mwini mbumba, asanapemphe kukaona manda. Nkhani ya malo olima isakambidwe paulendo woyamba. Malo ndi ochepa m'maboma ambiri a kummwera, ndipo abale akaganiza kuti alendo adzera munda, chimwemwe chimasanduka mantha.

Mbali ya alangizi

Alangizi a zachitukuko, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi a bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ angathandize kwambiri popanda kutulutsa ndalama. Angalembe mndandanda wa mabanja opanda makalata a kubadwa, kuwaperekeza limodzi ku ofesi ya kalembera kuti mtengo wa ulendo uchepe, ndi kulimbikitsa ana a sukulu kulemba mbiri za agogo awo. Phindu la ntchitoyi silithera pa ulendo. Kalata ya kubadwa ndi chitupa ndi zomwezo zimene zimafunika polemba mayeso, potsegula akaunti kubanki ndi poponya voti.

Mnyamata amene adaoloka Zambezi ali ndi zaka 18 m'chaka cha 1960 lero wapitirira zaka 80. Ndalama ikachedwa, banja likhoza kudikira nyengo ina ya fodya. Koma mayina a mudzi, a mfumu ndi a alongo ali m'mutu mwa nkhalamba zimenezi zokha, ndipo nthawi yowalemba ndi ino.