Ndani Adzayeze Nkhawa za Mlimi wa ku Tsangano?

Mbatata ya kachewere ya ku Tsangano imayezedwa mosavuta: pa ndowa, pa thumba, pa lole. Koma tikafuna kudziwa kuti ndi alimi angati m'mapiri ozizira a ku Ntcheu amenewa amene akusowa tulo chifukwa cha ngongole ya feteleza, kapena ndi amayi angati amene amadwala matenda a nkhawa akangobereka, maso okha sangatiuze. Pamafunika munthu wodziwa kufufuza maganizo ndi khalidwe la anthu, ndipo luso limeneli silikhwima pa digiri yoyamba. Wophunzira saikoloje ku University of Malawi ku Zomba amangolawako. Amadzakhwima pa digiri yachiwiri ndi yachitatu, pamene amakonza yekha kafukufuku, womuyang'anira akumuwongolera. Dziko lino liyenera kuika ndalama pa maphunziro amenewa.

Chifukwa chachikulu n'chakuti zambiri zolembedwa m'mabuku a saikoloje sizinachokere kwa anthu onga ife. Mu 2010, Joseph Henrich ndi anzake anasonyeza kuti anthu 96 mwa 100 alionse ofufuzidwa m'magazini akuluakulu a phunziroli anali a m'mayiko omwe ali ndi anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko lapansi. Mu 2015 akatswiri anabwereza kafukufuku 100 amene anali atasindikizidwa kale, ndipo osakwana theka ndiwo anabweretsa zotsatira zofanana ndi zoyamba. Ngati eni ake akukayikira zipangizo zawo, ife tingazilandire bwanji osaziyesa? Kuno kwathu njira yake inaoneka kale. Melissa Gladstone ndi anzake, ataona kuti mayeso a kakulidwe ka ana ochokera kunja amagwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo, anakonza Malawi Developmental Assessment Tool, imene inasindikizidwa mu 2010. Robert Stewart ndi anzake, mu 2009, sanangomasulira m'Chichewa mafunso a SRQ a bungwe la WHO ofufuzira matenda a maganizo. Anafunsa amayi ku Thyolo, n'kuyerekeza mayankho awo ndi zimene katswiri anapeza atawayeza payekha, kuti adziwe ngati mafunsowo akupezadi odwala.

Ku Tsangano ntchito yotere ili ndi misampha yakeyake. Wofufuza akangofunsa omwe afika kuchipatala, adzamva kwambiri za amayi a kusikelo, pamene malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti ambiri odzipha m'Malawi ndi amuna, ndipo amuna ovutika mumtima sakonda kupita kuchipatala. Akafunsa nthawi yokolola, ndalama ili m'manja, adzapeza zosiyana ndi zimene angapeze mu Januwale, misewu ya kumidzi itaterera ndipo chakudya chitachepa m'nyumba. Malire a Mozambique ali pafupi, ndipo tsidya linalo kulinso boma lotchedwa Tsangano, m'chigawo cha Tete. Anthu amawoloka pochita malonda, maliro ndi maukwati, choncho ngakhale kusankha woti awerengedwe kumafuna kuganiza mozama. Palinso nkhani ya chilolezo. Mayi amene wavomera kufunsidwa chifukwa amfumu ali pomwepo, kodi wavomeradi mwa kufuna kwake? Makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku, monga COMREC, amaunika mapepala mumzinda, koma kumudzi chimene chimateteza mayiyo ndi maphunziro ndi chikumbumtima cha wofunsayo.

Ena adzati dziko limene lili ndi chipatala chachikulu chimodzi cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba, lothandizidwa ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, liyambe lapeza mankhwala ndi anamwino. Mawu amenewa ndi olemera. Komabe wosauka ndiye woyenera kudziwa kumene tambala iliyonse ikupita. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo kupereka uphungu pa benchi m'zipatala za ku Harare, ndipo njira ya Friendship Bench inalemekezedwa chifukwa kafukufuku wa mu 2016 anayerekeza zipatala zoigwiritsa ntchito ndi zosaigwiritsa ntchito, zosankhidwa mwa maere, n'kupeza kuti olandira uphunguwo anapeza bwino kuposa enawo. Pano ikuyesedwa m'Malawi muno, ndipo ngati ingagwire kwa mlimi wa ku Tsangano, adzatiuza ndi kafukufuku wina wokonzedwa bwino chimodzimodzi.

Dandaulo lina ndi lopweteka kwambiri: ophunzirawo amalemba m'Chingerezi, kusindikiza kunja, ena n'kusamukira komweko, ofunsidwa aja osamva kanthu. Izi zimachitikadi. Ntchito ngati AMARI, imene yathandiza ofufuza a ku Malawi, Zimbabwe, Ethiopia ndi South Africa kuchita maphunziro apamwamba, zayamba kuchulukitsa oyang'anira ophunzira kuno komwe, kuphatikizapo ku Kamuzu University of Health Sciences. Chotsala n'chakuti mayunivesite athu aike lamulo loti wophunzira asalandire digiri asanabwerere kumene anafunsa anthu, n'kukafotokoza m'Chichewa zimene anapeza pamaso pa mafumu, alangizi a zaumoyo ndi ofunsidwawo.