"Take off": mneni wovula nsapato n'kuulutsanso ndege

Wophunzira Chingerezi akauzidwa kuti "take off" ndi kuvula, amayesa wathana nawo mawuwa. Posakhalitsa amamva mawu omwewo pa bwalo la ndege la Chileka, kenako awerenga m'nyuzi kuti bizinesi ya wina "took off", kuntchito nako abwana akuti "take a day off". Ndege sivula kanthu, bizinesi ilibe mapiko. Apa ambiri amangoyamba kuloweza matanthauzo ngati manambala a foni. Kuloweza kotere n'kongodzitopetsa, chifukwa ambiri mwa matanthauzowa ndi ana a ganizo limodzi, ndipo ganizolo lili m'kamawu kakumapetoko, "off".

Kamawuka kamanena za kulekana kwa zinthu zomwe zinali zogundana. Nsapato inali kuphazi, yachoka. Matayala a ndege anali pansi, asiya nthaka. Wogulitsa akati "take 10 percent off", akubudulako gawo la mtengo, ndipo wopempha "a day off" akuchotsa tsiku limodzi pa masiku ake a ntchito. Wakuba amene "took off" ataona apolisi waliyatsa liwiro, walekana nawo malo. Za bizinesi zija zikutsamira pa chithunzi cha ndege: imathamanga kaye pansi kwa kanthawi, kenako n'kukwera mofulumira. Katswiri wa zachuma wa ku America, W. W. Rostow, adagwiritsa ntchito chithunzi chomwechi m'buku lake la 1960, The Stages of Economic Growth, pomwe gawo lachitatu mwa magawo asanu a kukula kwa chuma cha dziko adalitcha "take-off". Kwa wolankhula Chichewa, kaganizidwe aka si kachilendo konse. Timati tseka n'kutinso tsekula, mata ndi matula, yala ndi yalula: kachidutswa ka -ul- kamamasula zomwe zidachitidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timakalowetsa m'kati mwa mneni, pomwe Angerezi amakasiya panja, ndiye kamayendayenda. "Take off your shoes" ndi "take your shoes off" onse ndi olondola, koma nsapatozo zikangotchulidwa kuti "them", njira ndi imodzi yokha: "take them off". Amene akuti "take off them" waphonya.

Wina anganene kuti tikungokongoletsa chisokonezo. Ku Britain, munthu woseketsa akamayerekeza malankhulidwe a nduna, amati "he takes off" ndunayo. Nanga apa chikulekana n'chiyani? Funsoli ndi lomveka, ndipo vutoli n'lakale. M'mawu oyamba a dikishonale yake ya 1755, Samuel Johnson adatchula aneni a mtundu umenewu kuti ndiwo amavutitsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi, ndipo pa zitsanzo zake panali "take off" womweyu, m'tanthauzo la kukopera. Ulusi wake ulipo, wa kutenga maonekedwe a chinthu n'kupita nawo kwina, koma ndi woonda, ndipo tanthauzo ili ndi bwino kungoliloweza. Tivomerezenso kuti ganizo la kulekana limathandiza kumva ndi kukumbukira, koma silipereka ufulu wopeka. Pozimitsa nyali sanena kuti "take off", amati "switch off" kapena "turn off". Komabe kuloweza tanthauzo limodzi kapena awiri opulupudza n'kopepuka kuposa kuloweza onse.

Kutsutsa kwina kumamveka kawirikawiri m'makalasi okonzekera mayeso a MSCE: kuti aneni otere ndi Chingerezi cha m'misewu, ndipo wophunzira wanzeru alembe "remove" kapena "depart". M'kalata yofunsira ntchito malangizowa angathandize. Koma mawuwa salowana m'malo nthawi zonse, ndipo oyendetsa ndege amazidziwa bwino zimenezi. Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za mtundu wa Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zidawombana mu nkhungu ndipo anthu 583 adafa. Ya KLM idayamba kuthamanga kuti inyamuke isanalandire chilolezo, ndipo kusamvana pa wailesi, kokhudzanso mawu akuti "take-off", kunali chimodzi mwa zifukwa za ngoziyo. Pambuyo pake malamulo a kalankhulidwe adakhwimitsidwa. Lero wolondolera ndege amatchula "take-off" pokhapokha akupereka kapena kulanda chilolezo chonyamukira, ndipo pokambirana zina zonse za ulendowo, ndegeyo ikadali pansi, iye ndi woyendetsa amati "departure".